Mawondo Ofiira a Choolwe

Kufiirako Emelda anayamba kukuona pa masokosi. Ankachapa Loweruka kuseri kwa nyumba yawo ku Nangongwe, ndipo madzi a m'beseni ankasanduka ngati atsukiramo nyama. Poyamba anati ndi dothi la mumsewu. Kenako anakuonanso m'munsi mwa diresi ya sukulu, kutsogolo kokha, ndi m'zikhatho za mwana wake, kutalowerera m'mizere mwakuti sopo ankangodutsa pamwamba. Madzulo ena, akumumasula zitsulo za m'miyendo kuti amusambitse, anapeza mawondo onse awiri ali psuu, khungu litakhuthala ngati la munthu wopalira chogwada. Anapaka chala kuti aone potuluka magazi, koma panalibe bala. Ananunkhiza chalacho. Anali kobra, polishi wofiira wopaka pansi.

"Choolwe, kusukulu bakupakitsa kobra?"

Mwanayo anayang'ana m'beseni. Anati ayi, sapaka, madamu anamuchotsa pa ntchito zonse zoyeretsa za Lachisanu. Nanga mawondowa? Anati sakudziwa. Ndiye anawonjezera, mawu ali pansipansi, kuti Lolemba sapita, Lachiwiri sapitanso, sukulu yamukwana.

Emelda anatenga sopo. Anamusambitsa, anamupukuta, anaphika nshima yomwe onse awiri anangoitsina m'mbali.

Choolwe anali ndi zaka khumi, ali Giredi 5, ndipo anabadwa ndi miyendo yosalimba. Dzinalo anamupatsa ndi bambo ake, Nchimunya, msodzi wa ku Chanyanya, masiku omwe ankamunyamula m'mwamba n'kumaseka. Mwana atafika msinkhu woyenda koma osayenda, alongo a Nchimunya anabwera kudzamuona, anamutembenuza uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika, n'kunena kuti kumtundu kwawo zoterezi kulibe. Sipanapite nthawi, Nchimunya anapinda maukonde ake n'kulowera kumisasa ya asodzi kumtunda kwa mtsinje. Akuti anakwatirako. Makolo a Emelda, omwe anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, onse anagona kumanda a ku Kafue komweko. Mlongo wake mmodzi yekhayo ali ku Kitwe, ndipo foni yake imalira kokha pa Khirisimasi.

Ndiye anali Emelda yekha amene anabereka mwana kumbuyo kukwera naye maminibasi a ku Lusaka, chaka ndi chaka, mpaka madokotala anawongola zomwe akanatha kuwongola, n'kumupatsa zitsulo za m'miyendo ndi ndodo ziwiri za mphira kunsi. Tsiku lomwe Choolwe anaima yekha n'kuponya phazi, Emelda analibe womuuza. Anauza kondakitala wa minibasi pobwerera. Mnyamatayo anati zikomo kwa Mulungu, asisi, koma sunthani pang'ono pakhale munthu.

Kuyambira tsikulo kobra sanalowenso m'nyumba mwake, kuti ndodo za mwana zisamaterereke. Mzere wonse wa nyumba zawo makonde amawala ngati galasi, ndipo mkazi amayesedwa ndi khonde lake asanayesedwe ndi ndiwo zake. La Emelda linali lotuwa, simenti yokhayokha. Anzake ankanong'onezana pampopi kuti amake Choolwe ndi aulesi, n'chifukwa chake mwamuna anathawa. Iye ankamva, n'kumasenza ndowa yake. Koma kumayambiriro kwa temu iliyonse, sukulu ikanena kuti mwana aliyense abwere ndi tsache ndi kachitini ka kobra, Emelda ankagula n'kuika m'chikwama cha Choolwe ndi manja ake, kuti mwana wake asasiyane ndi anzake.

Lolemba m'mawa anamuveka yunifomu mokakamiza, misozi ili m'masaya, n'kumukweza panjinga yakale ya malemu agogo ake aamuna. Emelda sakwera njingayo, amangoikankha, mwana atakhala pakaliya, ndodo zitamangidwa m'mbali. Lamulo la pasukulupo ndi lakuti makolo amathera pageti. Zaka zonsezi Emelda ankathera pageti, n'kuthamangira kusiteshoni ndi beseni la vitumbuwa asanathe anthu opita kuntchito. Tsikulo anatsamiritsa njinga kukhoma, anadikira belu la asembule lithe, n'kuzungulira kuseri kwa thanki ya madzi, pomwe khomo la Giredi 5 limaonekera bwino.

Pakhomopo panali kambendera kachikasu, mphotho ya kalasi yaukhondo kuposa onse. Pakhonde ana ankavula nsapato n'kuzindandalika bwinobwino kukhoma, kenako n'kumalowa ndi masokosi, ena akudzitereretsa dala ngati ali pamatope. M'katimo pansi pankawala mwakuti mawindo ankaonekera momwemo. Choolwe anaima pambali mpaka onse analowa. Ndiye anatulutsa tinsanza tiwiri m'chikwama, anakulunga zitsulo zake cha m'akakolo kuti zisakande pansi, anaika ndodo zake pamzere wa nsapato, n'kudzitsitsa pang'onopang'ono atagwira chitseko. Chikwama anachiponya kumsana. Analowa chokwawa, mutu uli pansi, pakati pa madesiki, ndipo panalibe mwana ngakhale mmodzi amene anatembenuka, chifukwa zinali za masiku onse.

Emelda sanadziwe kuti wayenda liti kuchoka pathanki paja. Anangopezeka ali m'kalasi ndi mapatapata ake afumbi. Ana onse anati "iih" pamodzi, ndipo sanali kuyang'ana mnzawo ali pansiyo. Ankayang'ana mapazi a Emelda.

Madamu Hamoonga, mphunzitsi wa kalasiyo, anali mayi wamkulu ndithu, wa magalasi, wa mawu ofatsa. Anamutulutsira pakhonde n'kumufotokozera mosakweza mawu. Anati temu itayamba Choolwe anagwa kawiri chifukwa mphira wa ndodo sugwira pa kobra, ndipo ulendo wachiwiri anatsala pang'ono kumenyetsa mutu padesiki. Anati kukwawa ndi komwe kuli kotetezeka. Anatinso ndodozo zimasiya timizere takuda, ndipo sabata yomwe kalasi inalandidwa mbendera ya ukhondo chifukwa cha timizereto ana analira, ena mpaka kumunena Choolwe. Mwanayo ndi amene anaganiza yekha zosiya ndodo panja.

"Palibe anamukakamiza, amake Choolwe."

"Ndiye mwana wanga azikwawa kuti simenti iwale?"

Madamu anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati iwo sali opanga malamulo, ali ndi ana odzaza kalasi mpaka kukhomo, ndipo nkhani ya mbendera ndi ya ba hedi, mkulu wa sukulu.

Ba hedi anamulandira bwino kwambiri. Ulemu wawo ndi umene unamupweteka Emelda kuposa chipongwe. Anamupatsa mpando, anamufunsa za bizinesi, anati Choolwe ndi mwana wanzeru, masamu amawamwa ngati madzi. Mbenderayo, anatero, anaiyambitsa ndi iwo chaka cha kolera, ndipo alendo onse obwera kudzayendera sukulu amayamba ndi kuyamika pansi. Kenako anatsitsa mawu ngati akumupatsa mphatso, n'kunena kuti ku Lusaka kuli masukulu apadera a ana otere, ogonera konko, komwe zonse zinakonzedwera iwo. Emelda anati mwana wake sali wotere, ndi Choolwe, ndipo sukulu yake ndi ino, yomwe ili pafupi ndi nyumba yake. Ba hedi anamwetulira. Anati nkhani yabwino chonchi ndi yofunika kuimva makolo onse pamsonkhano wa Loweruka.

Choolwe sanapitenso kusukulu sabata imeneyo. Ankakhala pakhomo, buku lili pamiyendo losatsegula, kumayang'ana mayunifomu akudutsa m'mawa ndi kubwerera masana. Emelda akabwera kusiteshoni ankamupeza pomwepo, mthunzi wokha utasuntha.

Ku Nangongwe kunali munthu mmodzi amene Emelda ankadziwa kuti angamve. Ba Yotamu, owotcherera zitsulo pafupi ndi msika, anali ndi mwana wa panjinga ya olumala yemwe anasiya sukulu yomweyo ali Giredi 3 chifukwa cha masitepe ndi chimbudzi. Anawapeza akuwotcherera geti. Anakweza chophimba kumaso n'kumvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Anati iwo anayenda ulendo womwewo, kwa ba hedi akale, kwa a komiti, mpaka ku Boma, ndipo kulikonse anapatsidwa mpando ndi mawu okoma. Anati munthu ukamenyana ndi khoma chimene chimatupa ndi chibakera chako. Emelda anawapempha kuti angobwera chabe, asalankhule, angokhala pambali pake kuti anthu aone kuti sali yekha.

"Nizayesa, mulamu," anatero, n'kutsitsa chophimba chija.

Msonkhano unachitikira m'holo ya sukulu. Pakhoma lakutsogolo panalembedwa ndi penti ya buluu kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Emelda anakhala kumapeto kwa benchi, chitenge chake chabwino chili m'chiuno, n'kusiya malo pambali pake. Anakambirana za mpanda womwe unagwa ndi mvula. Anakambirana za ana ojomba kukagulitsa nsomba. Anakangana nthawi yaitali za mtundu wa majuzi a nyengo yozizira, ngati akhale obiriwira kapena otuwa. Chitseko chikalira Emelda ankatembenuka. Malo aja anakhalapo mayi wina wochedwa, n'kuikapo ndi chikwama chomwe.

Dzuwa litafika pamutu, anthu atayamba kuyasamula, ba Titus, apampando a komiti ya makolo, anafunsa ngati pali zina. Emelda anaimirira. Sabata yonse ankakonza mawu akukazinga vitumbuwa, mawu aulemu, oyamba ndi kuthokoza aphunzitsi. Ataona nkhope zonse zija zitatembenukira kwa iye, mawuwo anabalalika ngati mbalame, n'kutsala moto wokha. Ananena zomwe anaona kuseri kwa thanki. Ananena za tinsanza. Anati sakupempha galimoto kapena nyumba yosanja, akupempha kuti m'kalasi momwe muli mwana wa ndodo asamapakemo kobra, basi, azisesa ndi kukolopa ngati kuchipatala. Mawu anamukwera.

"Nani pano angalole mwana wake kulowa m'kalasi monga galu? Aimirire nimuone."

Palibe anaimirira, koma mawu akuti galu anawakhumudwitsa kuposa nkhani yonseyo. Mayi wina wakutsogolo anati tizilankhula bwino, pano pali akuluakulu. Wina anafunsa ngati sukulu yonse isinthe chifukwa cha mwana mmodzi. Bambo wina anakumbutsa anthu za kolera, ngati kuti kolera amaopa kuwala. Ndiye kumbuyo kunamveka mawu a mayi wa mumzere wawo womwe uja, osakweza kwenikweni koma okwanira: kuti nanga tidabwe chiyani, kunyumba kwawo komwe kobra sakumudziwa. Holo inaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza zenizeni, kunali kuseka kwa anthu anjala amene apeza pothera msonkhano. Ba Titus anagogoda patebulo, anati nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni ndithu ndipo komiti idzaiona. Anapempha munthu mmodzi atseke ndi pemphero.

Emelda anabwerera kudzera kunjanji, komwe sikudutsa anthu ambiri. Magalimoto akuluakulu ankalira pamsewu wa ku Lusaka, ndipo chumuni cha fakitale chinangoti njo kuthambo kopanda mtambo. Analakalaka atakhala ndi munthu woti amutukwanire anthu onse aja, wongomvetsera n'kumati eya, eya. Atafika anapeza nkhani yafika kale.

"Mwaonjeza, Amai," anatero Choolwe osamuyang'ana. "Manje bonse baziba."

Mawa lake pochokera kutchalitchi anaona mulu wa mchenga wa kumtsinje pomwe anthu ena ankamanga sitolo. Anaima n'kuuyang'ana. Anakumbukira mayi ake akukwecha mapoto ndi mchenga wotero mpaka mwaye wa zaka kuchoka. Anapempha omangawo ndowa imodzi, ndipo anamupatsa akudabwa.

Lolemba sanakazinge. Anawiritsa madzi pambaula, anawathira m'chigubu, anamanga ndowa ya mchenga pakaliya pamodzi ndi sopo waufa ndi mwala wokwechera, n'kumuuza Choolwe kuti avale yunifomu amudikire. Pageti analowa pakati pa ana obwera kudzasesa, osayang'ana kumanja kapena kumanzere. Kalasi inali yotsegula. Anavula mapatapata, anakwinya chitenge, anagwada pakhomo n'kuwaza mchenga.

Kobra wa zaka zambiri sachoka ngati fumbi. Anali atasanjikizana ngati nkhanambo, ndipo pansi pa wofiira panali wina wakuda. Emelda anakwecha ndi manja awiri, kuthira madzi otentha, kukwechanso, mpaka simenti inayamba kuonekera, yotuwa, yokhakhala ngati lilime la ng'ombe. Sanakweche kalasi yonse. Anatsegula kanjira kotakata ngati chitseko, kuyambira pakhonde mpaka padesiki ya Choolwe. Ana anaunjikana pamawindo ali chete, matsache ali m'manja. Thovu lofiira linkayenderera mpaka pamzere wa nsapato.

Madamu Hamoonga atafika anaima pakhomo n'kuyang'ana kanjirako. Kenako anati aitana ba hedi.

"Baitaneni. Nikasiliza nizachoka."

Ba hedi anabwera ulemu uja atausiya kuofesi. Anati uku ndi kuwononga katundu wa boma. Emelda, ali chigwadire, anati simenti ya boma ndi iyi, yonse ilipo, iye wangochotsa zomwe anagula yekha ndi makolo anzake. Ba hedi anayang'ana ana ali pamawindo, anayang'ana mayi ali m'thovu, ndipo mwina anaona kuti kukoka mkazi wogwada pamaso pa ana si chinthu chomwe alendo angayamike. Anauza madamu kuti Lachisanu ana apakenso bwinobwino.

"Ndiye Mande muzanipeza," anatero Emelda.

Anaumitsa kanjirako ndi chiguduli, anapita kukatenga mwana. Choolwe anaima pakhomo la kalasi ndi ndodo zake, kumayang'ana kanjira kotuwa kaja ngati ndi mlatho wa mtengo umodzi. Anaponya ndodo, inagwira. Anaponya inayo. Analowa choimirira, go, go, go, mpaka padesiki yake, koma mutu unali pansi kuposa tsiku lomwe ankakwawa.

Mbendera inapita ku kalasi yoyandikana nayo, ndipo siinabwerere. Ana sanamumenye Choolwe, sanamutukwane. Anangosiya kumuona. Jasmine, yemwe ankakhala naye desiki imodzi ndi kumunyamulira chikwama, anasunthira kumapeto kwa benchi. Pa nthawi yopuma Choolwe ankadya chitumbuwa chake yekha pansi pa windo. Madzulo ena, Emelda akudzipaka mafuta m'manja omwe anali atayamba kung'ambika, mwanayo analankhula ali chogona, nkhope italoza kukhoma.

"Kukwawa kwenze bwino, Amai. Benze kunikambitsa."

Emelda anatseka botolo la mafuta. Akanati chiyani kwa mwana wa zaka khumi, kuti ulemu umaposa anzake? Iye mwini ulemu wake unamupatsa chiyani, kupatula khonde lotuwa ndi benchi yopanda munthu pambali? Anatuluka panja n'kukakhala pamwala wochapira, udzudzu wa ku Kafue ukumuzinga m'miyendo. M'nyumba zonse za mumzerewo munkamveka mawailesi ndi mbale ndi anthu akuitanizana. Anaganiza zosiya. Anaganiza kuti mwina akumenyera mkwiyo wake, osati mwana. Kenako anakumbukira tinsanza tija, momwe tinapindidwira bwino m'chikwama, ndi kuti mwana anatidula yekha, mobisa, pa diresi yake yakale. Analowa n'kukayang'ana ngati mchenga ukwanira.

Zinakhala choncho. Lachisanu ana ankapaka, Lolemba Emelda ankakwecha. Kusiteshoni makasitomala a Lolemba anazolowera beseni la mayi wina. Pampopi anamupatsa dzina latsopano, amake mchenga, ndipo ana aang'ono ankaliimba akamuona akukankha njinga. Komiti sinaione nkhani ija. Ba Yotamu akamuona akudutsa ankatanganidwa kwambiri ndi chitsulo chawo.

Ndiye ba hedi anaganiza nzeru. Analamula kuti makalasi onse azitsegulidwa belu likalira, osati m'mamawa. Emelda anangosintha nthawi. Belu likalira, madamu akatsegula, iye ankalowa woyamba ndi ndowa yake, ndipo kalasi yonse inkaima pakhonde ndi masokosi kudikira kuti amalize, phunziro la masamu likudyedwa ndi mchenga. Makolo anadandaula. Ba hedi anati aitana apolisi, koma sanawaitane, chifukwa wapolisi akanafunsa kuti mayiyu akukwechanji.

Lolemba lina kutentha kwa Okutobala kutafika poipa, Emelda anadzuka mutu ukuwawa, koma anapita. Ali pakati pa kanjira manja anakana. Anakhala pansi, mwala uli m'manja, thukuta likulowa m'maso. Madamu Hamoonga anali ataima pafupi, mabuku ali pachifuwa. Anayang'ana manja a Emelda, ong'ambika, ofiira m'ming'alu monga zinalili zikhatho za Choolwe.

"Simutopa, amake Choolwe?"

"Ninatopa kudala, madamu."

Madamu anatembenuka. Anayang'ana panja, pomwe Choolwe anaima payekha kumapeto kwa mzere atatsamira ndodo, ana ena atasiya mpata pakati pawo ndi iye. Emelda anagwadanso n'kumaliza.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa sabata imeneyo, ndipo Lolemba msewu unali ndi fungo la dothi lonyowa. Emelda anakankha njinga, mwana pakaliya, ndowa ikulendewera pahandulo. Belu linalira. Madamu anatsegula chitseko n'kulowa osamudikira. Emelda anavula mapatapata, anatsitsa ndowa, n'kuima.

Kanjira kanalipo. Kanali kotuwa, kouma, monga anakasiyira. M'mbali mwake munali mizere iwiri ya choko, yowongoka ngati yojambula ndi rula ya pabolodi, kuyambira pakhomo mpaka padesiki ya Choolwe, ndi nthambi ina yomwe Emelda sanakwechepo, yopita kubolodi, yokwechedwa ndi dzanja lina losazolowera, kobra atatsalira m'timaenje. Kunja kwa mizereyo pansi pankawala monga kale.

Madamu anali akulemba deti, msana uli kukhomo. Analankhula osatembenuka.

"Ni m'kalasi mwanga chabe. Chaka chamawa siniziba."

Ana anayamba kulowa, akudutsa Emelda uku ndi uku. Choolwe analowa pakati pawo, osati pomalizira. Chikwama cha Jasmine chinali chitagwera pakanjira, ndipo Jasmine anachikoka ndi phazi osayang'ana mnzakeyo, koma sanasunthire kumapeto kwa benchi. Choolwe anakhala, anatsamiritsa ndodo zake kudesiki, anatulutsa buku. Sanacheuke kuyang'ana amayi ake. Emelda anadikira pang'ono, mwina acheuka, kenako anazindikira kuti waima pakhomo la kalasi ya eni ake ndi ndowa ya mchenga, opanda chochita. Anavala mapatapata.

Potuluka anadutsa pakhomo la Giredi 6. Kambendera kachikasu kanali pamenepo, nsapato zili pamzere, ndipo m'katimo pansi pankawala mpaka kuthobwa m'maso.

Anadzera kumsika, chifukwa nkhaniyo inkamutentha pakhosi ndipo inafuna khutu. Ba Yotamu anali atawerama pa chitseko cha chitsulo, makina odulira akulira, moto ukuthetheka. Emelda anaima ndi njinga yake n'kuwaitana. Sanamve. Anawaitananso. Kasitomala amene anakhala pambali anamuyang'ana, anayang'ana ndowa, n'kumwetulira ngati wakumbukira dzina lija. Emelda anakankha njinga n'kumapita.

Kunyumba anataya madzi a m'chigubu, omwe anali akadali ofunda, patsinde pa mpapaya. Mchenga anaunyamula kuti akauthire pamatope a pakhomo, pomwe mvula inakumba. Anaima nawo pamenepo. Kenako anabwerera nawo m'nyumba, anaika ndowayo kuseri kwa chitseko, anaikapo mwala uja pamwamba, n'kuvundikira ndi thumba kuti nkhuku za eni ake zisafukule. Anakoleza mbaula. Anthu a m'mawa anali atapita kale, koma sitima ya katundu ikadutsa masana pamakhala ena ofuna vitumbuwa.